Filimu ya Maria Callas yaonetsa chisoni chawo koma yabisa mmene mawu a woimba amathera

A Mkonzi,

Tiloleni malo m'nyuzipepala yathuyi kuti tinenepo pa filimu yotchedwa Maria, imene anakonza a Pablo Larraín ndipo inaonetsedwa koyamba ku Venice mu Ogasiti 2024. Filimuyi ikufotokoza sabata yomaliza ya moyo wa mayi Maria Callas, woimba opera wa Chigiriki amene anabadwira ku New York mu 1923 n'kumwalira ku Paris pa 16 Seputembala 1977 ali ndi zaka 53 zokha. Amene akusewera ngati mayi Callas ndi Angelina Jolie. Ife alembi a kalatayi timaphunzitsa kayimbidwe, ndipo aliyense wokonda nyimbo tikumulimbikitsa kuti aionere, pakuti inajambulidwa mwaluso. A Edward Lachman amene anagwira kamera anafika m'gulu la opikisana pa mphoto ya Oscar. Koma woonera amatuluka ndi zinthu ziwiri m'mutu zimene si zoona. China n'chakuti mawu a mayi Callas anatha chifukwa cha chisoni chimene chibwenzi chawo, a Aristotle Onassis, mwini sitima zapamadzi wolemera wa Chigiriki, anawasiyira. Chinacho, chomwe n'choopsa kwa oimba, n'chakuti mawu amene anatha angathe kubwerera tsiku limodzi mwini wake akangolimba mtima. Mawu ndi mnofu, mpweya ndi chinyontho cha m'thupi, ndipo njira zimene amaonongekera n'zodziwika.

Opera ndi sewero limene zolankhula zonse zimaimbidwa. Woimba sagwira maikolofoni. Patsogolo pake, m'malo otsika a m'munsi mwa siteji, mumakhala oimba zida pakati pa 60 ndi 90, ndipo mawu ake ayenera kudutsa pamwamba pa zida zonsezo kukafika kwa munthu wokhala kumapeto kwa holo ya anthu pafupifupi 2,000 monga La Scala ya ku Milan. Sewero limodzi limatenga maola awiri ndi theka kapena atatu. Chimene chimatulutsa mawu onsewo ndi timinofu tiwiri togundana ta m'kholingo, timene mwa munthu wamkazi kutalika kwake sikupitirira mamilimita 17 kapena 18. Mpweya wa m'mapapo ukamadutsa, timinofuti timatseguka n'kutsekeka mofulumira kwambiri. Pa noti ya A imene oimba zida amachunira zida zawo, timagundana maulendo 440 pa sekondi imodzi. Pa C wapamwamba wa sopulano ndi maulendo 1,047. Noti ya E-flat imene mayi Callas anaikweza mu opera ya Aida ku Mexico City mu 1950 ndi 1951, pamwamba pa kwaya ndi zida zonse, imafuna maulendo oposa 1,200 pa sekondi. Timinofuti takutidwa ndi kachikopa kofewa kamene kamayenera kukhala konyowa nthawi zonse. Kakauma kapena kutupa, m'mbali mwake simugundana bwino, mpweya umathawira pakati, ndipo woimba amayamba kufinya ndi minofu ya m'khosi kuti atseke mpatawo. Vuto limayambira pamenepo.

Mphamvu ya mawu siichokera pakhosi. Pansi pa mapapo pali mnofu waukulu wopingasa, diaphragm, umene umatsika munthu akamakoka mpweya, nthiti za m'munsi n'kutambasuka. Ntchito yaikulu ya woimba ndi kugwira nthitizo zikhalebe zotambasuka kuti mpweya uzituluka pang'onopang'ono, mofanana, kwa masekondi 15 kapena 20 pa mzere umodzi wa nyimbo. Minofu ya m'nthiti, ya pamimba ndi ya kumsana ikafooka, khosi limatenga ntchito yomwe si yake, ndipo chizindikiro choyamba chimamveka pa kunjenjemera kwa mawu. Mawu athanzi amanjenjemera maulendo asanu mpaka asanu ndi awiri pa sekondi, ndipo khutu limamva noti imodzi yokoma. Kukachedwa kufika pansi pa maulendo asanu n'kukula, mawu amagwedera uku ndi uku mpaka womvera sadziwa kuti noti yeniyeni ndi iti. Kugwedera kumeneku pa manoti apamwamba a mayi Callas kumamveka kale m'zojambula za pakati pa zaka za m'ma 1950. Chibwenzi chawo ndi a Onassis chinayamba mu 1959, pa ulendo wa pa sitima yapamadzi yotchedwa Christina. Mawu anali atayamba kale kuvuta.

Chinawavutitsa n'chiyani? Odziwa amatchula zifukwa zingapo, ndipo zikuoneka kuti zinathandizana. Mayi Callas anaphunzira ku Athens kwa mayi Elvira de Hidalgo, amene anawapatsa luso lothamangitsa manoti mopepuka, pamene mawu awo achibadwa anali aakulu ndi olemera. Mu Januwale 1949 ku Venice, ali ndi zaka 25, ankaimba Brünnhilde mu Die Walküre ya Wagner, gawo lofuna mawu okhuthala amphamvu. Woimba amene amayenera kuimba Elvira mu I puritani ya Bellini atadwala, wotsogolera zida a Tullio Serafin anapempha mayi Callas kuti alowe m'malo. Anaphunzira gawolo m'masiku osakwana sabata n'kuliimba, pomwe limafuna mawu opepuka okwera kwambiri. Zinawatchukitsa m'dziko lonse la Italy. Koma m'kholingo, kuimba kolemera kumafupikitsa ndi kukhuthalitsa timinofu tija, kuimba kokwera kumatikoka kuti titalike n'kupyapyala, ndipo kusinthasintha pakati pa ziwirizi m'masiku ochepa, chaka ndi chaka, kumatopetsa. Iwo ankakondanso kukwera ndi mawu a m'chifuwa kupitirira malo amene oimba ambiri amasinthira, cha pa E kapena F wa m'munsi, chifukwa amamveka aukali ndipo amagwirizana ndi sewero. Mawu a m'chifuwa akakwezedwa chotero kawirikawiri, mawu a pakati amayamba kuchepa mphamvu, ndipo malo osinthira amaonekera poyera.

Kenaka panabwera kuonda. Pakati pa 1953 ndi 1954 anataya makilogalamu pafupifupi 36. Munthu akaonda msanga chonchi, mafuta okha sindiwo amachoka, mnofunso umachepa, ndipo thupi limene linaphunzira kugwira mpweya lili lolemera liyenera kuphunziranso lili lopepuka. Kuphunziranso kumeneko kumafuna miyezi yochepetsa ntchito, koma mayi Callas anali pachimake pa kutchuka kwawo ndipo sanapume. Eni ake ananenapo kumapeto kwa moyo wawo kuti madokotala anapeza timinofu ta mawu tili bwinobwino, ndipo chimene chinatha ndi mphamvu ya diaphragm. Palinso nkhani ya matenda. Dokotala wa ku Italy, a Mario Giacovazzo, ananena patapita zaka kuti mu 1975 anawapeza ndi dermatomyositis, nthenda imene chitetezo cha m'thupi chimaukira minofu ndi khungu, ndipo mu 2010 akatswiri a mawu, a Franco Fussi ndi a Nico Paolillo, atafufuza zojambula zawo anagwirizana ndi maganizo amenewo. Nthendayi imafooketsa minofu ya m'khosi, ya m'mapewa ndi yopumira, ndipo imatha kugwiranso mtima. Thupi lawo silinapimidwe atamwalira. Linatenthedwa ku manda a Père Lachaise ku Paris ndipo phulusa linamwazidwa m'nyanja ya Aegean mu 1979. Choncho nkhani ya nthendayi idakali maganizo a madokotala, koma ndi maganizo olemera amene filimu yonena za masiku awo omaliza inayenera kuwapatsa malo.

A Onassis ali ndi gawo lawo, koma lili pena. Kuyambira 1959, chibwenzicho chitayamba, mayi Callas anachepetsa kwambiri kuimba, moti mu 1963 sanasewere opera ngakhale imodzi pa siteji, anangoimba m'makonsati. Minofu yoimbira ikakhala osagwira ntchito imafooka m'masabata ochepa, ndipo mawu amene anali kale ndi vuto la mpweya ndi amene amafuna kuwaphunzitsa tsiku lililonse kuposa ena onse. Atabwerera mu 1964 ndi 1965 anasankha masewero a Tosca ndi Norma. Norma ndi gawo limodzi mwa olemetsa kwambiri kwa sopulano, ndipo mu Meyi 1965 ku Paris sanathe kumaliza sewero lomaliza. Pa 5 Julayi 1965 anaimba Tosca ku holo ya Covent Garden ku London, ndipo sanasewerenso opera. Ulendo wa makonsati umene anayenda ndi woimba mnzawo a Giuseppe Di Stefano unathera ku Sapporo, Japan, pa 11 Novembala 1974. Pofika sabata imene filimu ikuonetsa, panali patadutsa zaka pafupifupi zitatu asanaimbe pagulu.

Nkhani imene tikufuna oimba aikumbukire ndi ya ku Rome pa 2 Januwale 1958. Mayi Callas anatupa pakhosi masiku a Norma atayandikira, anadziwitsa akuluakulu a holo, koma panalibe woimba wina wokonzeka kulowa m'malo. Anakwera siteji pamaso pa Pulezidenti wa Italy a Giovanni Gronchi, anaimba gawo loyamba movutika, n'kukana kupitiriza. Manyuzipepala anawanyoza kuti ndi odzikuza, ndipo zinatenga zaka 13 kuti khoti ligamule mowakomera pa mlandu wawo ndi akuluakulu a holoyo. Pa za umoyo wa mawu, kusiya kuja kunali kolondola. Cholakwika chinali kuyamba. Timinofu totupa timakhala ndi mitsempha ya magazi yotukuka, ndipo noti imodzi yokankhidwa mwamphamvu ikhoza kuphulitsa mtsempha, magazi n'kulowa pansi pa kachikopa kaja. Pakapola molakwika pamatsala chipsera, ndipo malo a chipsera sanjenjemeranso ngati kale.

Pa mapiritsi amene mayi Callas ankamwa filimuyi yanena zoona, ngakhale yawasandutsa munthu, mtolankhani wongoganiziridwa wotchedwa Mandrax amene amayenda ndi mayi Callas m'misewu ya Paris. Mandrax ndi dzina limene abale athu a ku South Africa amalidziwa bwino chifukwa cha mabanja amene lapasula kumeneko. Piritsi limodzi linkakhala ndi mamiligalamu 250 a methaqualone ndi 25 a diphenhydramine. Mankhwala oyambawo amagonetsa ndi kulefula minofu, ndiye kuti amachotsa mphamvu yomwe ija yogwirira mpweya ndiponso amasokoneza kulondola kwa noti. Achiwiriwo amaumitsa m'kamwa ndi m'kholingo. Ali m'gulu limodzi ndi mapiritsi a chimfine monga Piriton, amene oimba ambiri kuno kwathu amamwa m'mawa wa tsiku la chikondwerero cha makwaya poganiza kuti akonza pakhosi. Mphuno imaumadi, koma timinofu ta mawu timaumanso, ndipo pamafunika mpweya wamphamvu kuposa kale kuti tiyambe kunjenjemera. Onjezerani kusadya kumene filimu ikuonetsa, ndiye kuti munthuyo alibe chilichonse choimbira.

Apa ndiye pagona dandaulo lathu lalikulu. M'filimu mayi Callas amapita ku holo yopanda anthu, woimba piyano akuwadikira, ndipo amalowa m'nyimbo zazikulu nthawi yomweyo. Kuyeserera kotereku kunachitikadi, ku holo ya Théâtre des Champs-Élysées ku Paris mu 1976 ndi woimba piyano a Jeffrey Tate, koma filimu yakusunthira m'sabata yomaliza. Wosewera mpira amene wakhala zaka zitatu osathamanga sayamba ndi mphindi 90, ndipo mawunso ali chimodzimodzi. Mphunzitsi wodziwa ntchito yake amayamba watumiza woimbayo kwa dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi, amene amalowetsa kakamera kukaona ngati timinofu tikugundana bwino, ngati pali totupa kapena chipsera. Zikakhala bwino, masabata awiri kapena atatu oyamba samaimba nyimbo ayi. Amang'ung'udza chapansipansi, amanjenjemeretsa milomo potulutsa mawu, ndiponso amaimbira m'kapaipi komwera zakumwa koviikidwa m'madzi masentimita awiri kapena atatu. Kapaipiko kamabweza mpweya wina kukhosi, zimene zimachepetsa mphamvu ya kugundana kwa timinofu. Zimenezi amachita mphindi 10 mpaka 15, katatu kapena kanayi pa tsiku, osati ola lathunthu nthawi imodzi, chifukwa mnofu wotopa umabwerera ku zizolowezi zoipa. Manoti ake amakhala a pakati okha, asanu kapena asanu ndi atatu, ndipo amawonjezera theka la noti m'mwamba pokhapokha a m'munsiwo akhazikika. Kenaka amaphunzira kugwira noti imodzi, kuyamba motsitsa, kukweza pang'onopang'ono n'kutsitsanso popanda kuduka. Apa ndi pamene kugwedera kumaonekera, ndipo ndi pamenenso kumakonzekera. Nyimbo zimabwera pakatha miyezi iwiri kapena itatu, zosavuta ndiponso zotsitsidwa kiyi. Kuti sopulano wa zaka zoposa 50 abwerere ku gawo lathunthu la opera pamafunika chaka kapena kuposerapo, ndipo manoti ena apamwamba sabwereranso. Amene wavomereza zimenezi n'kusankha nyimbo zotsika amatha kuimbabe zaka zambiri.

Mapeto a filimu akuphunzitsa zosiyana ndi zonsezi. Mayi Callas amaimirira m'chipinda chawo ku Avenue Georges Mandel, mazenera ali otsegula, n'kuimba Vissi d'arte ya mu Tosca ndi mawu athunthu, anthu n'kusonkhana m'msewu kumvetsera, kenaka amagwa n'kumwalira. Zimenezi sizinachitike. Anagwa m'nyumba mwawo muli antchito awo awiri, a Ferruccio Mezzadri ndi mayi Bruna Lupoli, ndipo chimene chinalembedwa n'chakuti mtima unaima. Wokonza filimu ali ndi ufulu wopeka, ndipo chithunzicho chimakhudza mtima. Koma mtsikana wa sopulano amene mawu ake asasa akachiona amaphunzira kuti woimba weniweni amapereka zonse ngakhale thupi likukana, ndipo maganizo amenewo ndi omwe amadzaza zipinda za madokotala a pakhosi.

Kamvekedwe ka mawu m'filimuyi kakufunanso kufotokozera. Angelina Jolie anaphunzira kuimba kwa miyezi pafupifupi isanu ndi iwiri, ndipo ankaimbadi pojambula. Akatswiri anasakaniza mawu ake ndi zojambula zenizeni za mayi Callas: m'zithunzi za nthawi ya kutchuka mawu ambiri ndi a mayi Callas, m'zithunzi za 1977 mawu a Jolie ndi ochulukirapo. Njira imeneyi inathandiza kuti khosi, nthiti ndi milomo zizioneka zikugwiradi ntchito, ndipo tikuyamikira khama lake. Vuto n'lakuti mawu a munthu amene wangophunzira kumene ndi osiyana ndi mawu a katswiri amene atopa. Wophunzira kumene amakhala ndi mawu aang'ono, osalala, opanda kuya. Katswiri wotopa amakhalabe ndi mawu aakulu, katchulidwe ndi kadulidwe ka mizere kamakhala kadakali kaluso, koma manoti a pamwamba amagwedera, a pakati amabowoka, ndipo mpweya umatha mzere usanathe. Miyezi isanu ndi iwiri siingapereke kamvekedwe kameneko, pakuti kuphunzira opera mpaka kufika pa siteji kumatenga zaka zisanu ndi chimodzi kufikira khumi.

Chithunzi chimodzi chokha chinatifika pamtima ngati aphunzitsi. Mayi Callas akuimba Casta diva, nyimbo ya mu Norma, kukhitchini, mayi Bruna akukazinga mazira, ndipo atamaliza wantchitoyo akuwayamikira chifukwa amawakonda. Woimba sadzimva mmene ena amamumvera, popeza mawu ake amafika m'makutu kudzeranso m'mafupa a m'mutu. Amafunika khutu la munthu wina amene angamuuze zoona, kapena kudzijambula n'kumvetsera mawa lake. Masiku ano foni iliyonse imajambula. Iikeni mamita atatu kapena anayi kuchokera pamene mwaima, osati pafupi ndi pakamwa.

Kwathu kuno opera siimbidwa kawirikawiri, koma kholingo la sopulano wa kwaya ya mpingo ndi lofanana ndi la mayi Callas, ndipo zimene zimaliononga n'zomwezo. Akwayamasitala ambiri amayambitsa nyimbo pa kiyi yokwera kuti imveke yamoyo, asopulano n'kumakuwa maola awiri osakonzekeretsa mawu. Mphindi 10 mpaka 15 zong'ung'udza ndi kukwera manoti pang'onopang'ono zikhale zoyamba pa kuyeserera kulikonse, ndipo pakatha mphindi 45 pazikhala kupuma. Ngati asopulano akutukula chibwano ndipo mitsempha ya m'khosi ikuonekera, kiyi yakwera, itsitseni. Madzi akumwa azikhala malita awiri pa tsiku, ndipo ayambe kumwedwa maola angapo kuimba kusanayambe, chifukwa chilichonse chimene munthu wameza sichikhudza timinofu ta mawu. Pomeza, kholingo limatsekeka kuti chakudya chisalowe m'mapapo. Ndiye chifukwa chake uchi, mandimu ndi jinja zimatonthoza kummero koma sizichiritsa mawu osasa. Chimene chimafika pa timinofu ndi nthunzi: madzi otentha m'mbale, opanda mankhwala, kupuma nthunzi yake mphindi 10. Mawu akasasa, munthu alankhule pang'ono ndi mawu ake enieni motsitsa, asanong'one, pakuti kunong'ona kumafinya khosi. Aspirin apewedwe pa masiku oimba kwambiri chifukwa amachititsa kuti magazi asaundane msanga, ndipo mtsempha wa pa timinofu ukaphulika magazi amatuluka ambiri. Amene amavutika ndi chilungulira asagone maola awiri kapena atatu asanathe chidyereni, popeza asidi wa m'mimba amakwera usiku n'kuwotcha kholingo. Mawu akaduka mwadzidzidzi pakati pa nyimbo, woimbayo asiye pomwepo, asalankhulenso, apite kuchipatala. Akasasa kupitirira masabata atatu, ngakhale popanda ululu, akaonedwe ndi dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi, makamaka ngati munthuyo amasuta fodya kapena akutsokomola nthawi yaitali, chifukwa khansa ndi TB ya m'kholingo zimayambanso ndi kusasa mawu. Ndipo nyimbo iliyonse yokhala ndi wotsogolera mmodzi ikhale ndi wachiwiri amene waiphunzira, kuti wodwala asakakamizidwe kuimba ngati mmene zinakhalira ku Rome.

Amene akufuna kudzimvera yekha zimene tafotokozazi angathe kuyerekeza zojambula zimene zikupezeka pa intaneti. Mayi Callas anajambula Norma kawiri ndi a Serafin, mu 1954 ndi mu 1960, ndipo Tosca anaijambula mu 1953 ndi wotsogolera zida a Victor de Sabata n'kuibwereza mu 1964 ndi wotsogolera wina, a Georges Prêtre. Mvetserani noti yaitali ya pamwamba mu Casta diva kapena mu Vissi d'arte pa zojambula zonse ziwiri, muwerenge mmene mawu akunjenjemerera, ndipo muone pamene akupumira. M'zojambula zachiwirizo manoti a pamwamba akugwedera ndipo akumveka owuma, koma katchulidwe ka mawu ndi kamvekedwe ka chisoni m'manoti a m'munsi n'zozama kuposa poyamba.

Ndife,
Aphunzitsi a kayimbidwe,
Blantyre